Sitima ya malaiti nayonso imayendela pakamwa

Mseu wa Great East ukagwilana m'mawa, kapena basi ikaima phee pa Kafue Roundabout mpaka thukuta kutsika kumsana, sipalephela kupezeka munthu pa mpando wakumbuyo wokamba kuti, "Tauni ino manje ifunika sitima ya malaiti." Acikulile amagwedeza mutu cifukwa akumbukila Njanji, ija sitima imene inali kunyamula anthu pakati pa Matero ndi Chilenje m'zaka za m'ma 1990. Acinyamata amatulutsa foni n'kuonetsana Gautrain ya ku Johannesburg, kapena sitima yatsopano ya ku Tanzania yocoka ku Dar es Salaam kupita ku Dodoma. Inenso ndimaifuna sitimayo, ndatopa nako kukhala anai pa mpando wa anthu atatu. Koma pa makambilano onsewa timakamba za mipando, liwilo ndi mtengo wa tikiti. Za buku la malamulo ndi wailesi imene dilaiva amakambilapo ndi woyang'anila njanji palibe amene amafunsa, pamene izi ndiye zimasunga moyo wa okwela tsiku limene makina agona.

Dilaiva wa basi akaona galimoto yafa kutsogolo, amakhota n'kupitila m'mbali, olo pa dothi la oyenda pansi, monga tidziwila tonse. Dilaiva wa sitima alibe steering. Kumene njanji yaloza ndiye kumene apita. Mawilo ni acitsulo, njanji nayo ni citsulo, conco sitima yothamanga imafuna mamita mahandiledi angapo kuti iime. Nthawi zambili dilaiva akaona coopsa ndi maso ake ninshi zacedwa kale. Ndiye cifukwa cake njanji imagawidwa m'zigawo, ndipo lamulo lalikulu pa malamulo onse n'lakuti m'cigawo cimodzi muzikhala sitima imodzi. Pakhomo la cigawo ciliconse pali loboti. M'njanji mwenimwenimo mumayenda malaiti ocepa, ndipo mawilo a sitima akaponda cigawoco amadula njila ya malaitiwo, loboti yakumbuyo n'kufiila yokha. Munthu wokhala mu ofesi patali, amene amachedwa kontolola, amaona pa sikilini pamene sitima iliyonse ili, ndipo ndiye amatsegula njila.

Amene anapanga dongosolo limeneli anali ocenjela pa cinthu cimodzi: cinacake cikafa, loboti imakhala yofiila. Nthambo ikaduka, sitima imaima. Siimapatsidwa gilini mwangozi. Ubwino wake ni umenewo, koma pomwepo ndiye poyambila vuto, cifukwa anthu masauzande sangagone pa njanji kuyembekezela kuti nthambo ikonzedwe. Zikatelo, buku la malamulo limalola kontolola kuuza dilaiva ndi pakamwa, pa wailesi kapena pa foni, kuti apitilile loboti yofiila. Pa nthawi imeneyo makina onse odula aja alibe nchito. Catsala ni anthu awili amene saonana nkhope, wina akukamba, wina akumvela.

Mwa ici, njanji zimene zimalemekeza moyo zinaika malamulo a kakambidwe okhwima kuposa a m'khoti. Nditenge a ku Britain, cifukwa ni osavuta kumva. Munthu akayamba kukamba amachula kuti ndine ndani, ndili pati, ndipo amatsimikiza kuti amene wayankha ndiye amene afuna. Pa makambilano aliwonse pamakhala mmodzi wotsogolela, ndipo dilaiva akamakamba ndi wa maloboti, wotsogolela ni wa maloboti. Manambala amachulidwa imodzi-imodzi. Loboti namba 150 ni wani, faifi, zilo. Amene munakanganapo ndi kondakitala pa fifitini ndi fifite, injini ikulila, wailesi ikuimba, mudziwa cifukwa cake. Zilembo nazo zili ndi maina: Alpha, Bravo, Charlie, kuti B asamveke ngati D. Pali lamulo lina limene ndimalikonda kwambili. Njanji ikatsekeka, n'zoletsedwa kukamba kuti "not clear". Uyenela kukamba kuti "blocked". Cifukwa wailesi ikadukiza pa kaliu kamodzi kaja koyamba, mnzako adzamva kuti njila ili bwino n'kutuma sitima. M'Cinyanja cathu ngozi yake ingakhale yokulilapo: "musabwele" ndi "mubwele" zisiyana pa ka "sa" cabe.

Pamwamba pa zonsezi pali kubweleza. Kontolola akapeleka cilolezo, dilaiva amabweza mau onse, kontolola n'kumvetsela ngati zimene zabwela ndiye zimene anatuma. Akatsimikiza, ndiye sitima imanyamuka, ndiponso mwapang'onopang'ono, kuti dilaiva athe kuima akaona cinthu kutsogolo. Makambilanowo amajambulidwa.

Munthu angaseke kuti awa ni masewela a ana a sukulu, akulu-akulu kubwelezana mau ngati ali ku katekisimu. Ngati muganiza conco, mvelani zimene zinacitika ku South Africa, dziko limene azimai athu ambili amapitako kukaoda katundu, ndipo njanji yake ni yofanana kukula ndi yathu. Masitima a Metrorail a ku Gauteng amayendela mavolti 3,000 a pa nthambo yam'mwamba, ndipo kwa zaka zambili ndiwo anali mayendedwe ochipa a anthu a m'makomboni. Koma akawalala anaikonda kopa. Nthambo za maloboti zinali kubedwa kawili-kawili, ndipo kuyendetsa sitima ndi cilolezo ca pakamwa kunasanduka nchito ya tsiku ndi tsiku. Pa 9 January 2018, pa siteshoni ya Geldenhuys ku Germiston, sitima inagunda inzake imene inali itaima, ndipo anthu oposa 200 anavulala. Bungwe loyang'anila citetezo ca njanji, Railway Safety Regulator, linalamula kuti zilolezo za pakamwa zileke.

Patapita caka cathunthu, pa 8 January 2019, pa siteshoni ya Mountain View ku Pretoria, sitima ina inalowa kumbuyo kwa inzake m'mawa. Anthu osacepela atatu anafa, ovulala anapitilila 600. Cigawo cimeneco cinali cikali kuyendela zilolezo za pakamwa kwa milungu ingapo. Zimene bungwe lija linapeza pa kufufuza koyamba n'zimene zimandisowetsa tulo. Kontolola anapeleka cilolezo. Dilaiva anabweleza, monga lamulo likambila, koma anabweleza molakwika. Kontolola anavomela. Sitima inalowa m'cigawo mmene munali kale inzake, ndipo zioneka kuti siinasunge liwilo la makilomita 30 pa ola limene limafunika poyenda ndi cilolezo cotelo.

Taonani bwino apa. Lamulo linalipo. Kubweleza kunacitika. Wina atabwela ndi pepala kudzacongela, akanaika tiki pa mzela uliwonse. Cimene cinasowa ni khutu. Ndipo ine sindithamangila kuponya mwala pa anthu awiliwo, cifukwa ndidziwa mmene khutu limafela. Munthu akamva mau amodzimodzi kambilimbili pa shifiti imodzi, masitima ali pa mzela, mafoni akulila, amayamba kumva zimene ayembekezela kumva. Mofanana ndi kondakitala amene amayankha "ili bwela cenji" asanamve n'komwe kuti mwapeleka zingati. Cilolezo ca pakamwa cinapangidwila ola limodzi la vuto, kontolola ali maso cifukwa n'zacilendo. Cikakhala ca miyezi, olakwa enieni ni amene anasiya njanji kuyenda conco, kuyambila wakuba nthambo, wogula kopa yakubayo, mpaka akulu a m'maofesi amene anazolowela kuti masitima akuyendabe.

Ndidziwa zimene ena a inu mukamba mumtima. Kukamba za malamulo n'kosavuta kwa munthu amene sadulidwa malipilo akafika mocedwa. Zoona. Sitima yoima pa loboti yofiila mphindi makumi awili ni bwana wokwiya, ni mwana woyembekezela pa geti ya sukulu. Ku South Africa komweko okwela okwiya ndi kucedwa anatenthapo masitima, ndipo sitima ikaleka kuyenda wosauka amakakamizika kukwela taxi yodula. Kontolola ndi dilaiva amaimva moto umenewo kumsana kwao. Ise tomwe a mu basi ndife oyamba kukuwa kuti, "Ba dilaiva tiyeni, pitani uku!" loboti ikali yofiila, ndipo dilaiva wodekha timamunena kuti ni wogona. Koma ndikaika pa sikelo, kubweleza cilolezo bwinobwino kumadya masekondi ocepa, ndipo kuyenda pa 30 m'cigawo cimodzi kumadya mphindi zingapo. Ngozi ya pa Mountain View inadya miyoyo, miyendo ndi tsiku lonse la njanjiyo. Wocedwa ali ndi cifukwa cokwiyila, koma mkwiyo wake uyenela kupita kwa amene alephela kukonza nthambo, osati kwa dilaiva amene wakana kunyamuka asanamve bwino.

Wina angati izi n'za kuno ku Africa kumene zinthu zimabedwa. Iyayi. Pa 9 February 2016, ku Bad Aibling m'dziko la Germany, makina onse anali bwino. Njanji yake ni ya malaiti, koma ni imodzi, masitima opita ndi obwela amapatsana mpata pa masiteshoni. M'mawa umenewo, isanakwane 7 koloko, kontolola anali kucita masewela pa foni yake. Anasokoneza siteshoni imene masitima awili anafunika kukumanilapo. Makina anakana kupeleka gilini, monga anapangidwila, koma iye anaganiza kuti makinawo ndiwo alakwa, n'kupeleka cizindikilo capadela cololeza sitima kupitilila loboti yofiila. Atazindikila, anathamangila wailesi kuti aimitse masitima onse awili, koma anadina molakwika, uthenga sunafike kwa madilaiva. Masitimawo anagundana maso ndi maso pa kona pamene sakanatha kuonana patali. Anthu 12 anafa. Khoti inamupatsa zaka zitatu ndi hafu m'ndende.

Wailesi imene anagwilitsa nchito imachedwa GSM-R, netiweki ya mafoni ya njanji yokha, imene maiko a ku Europe amagwilitsa nchito. Ili ndi njila yoitanila mwadzidzidzi imene imalila kwa madilaiva onse a m'delalo nthawi imodzi. Cida cabwino kwambili. Koma dzanja lonjenjemela limadina cimene linazolowela, ndipo ngati munthu sanayeseze kambili, pa sekondi yofunika amaphonya. Za foni ya m'manja sindifuna kutalikitsa. Aliyense amene amakhala pa mpando wakutsogolo anaonapo dilaiva akupota WhatsApp ndi cala cimodzi, basi ili pa sipidi mu Lumumba, ndipo tonse tinakhala cete.

Nkhani imene ikhudza Lusaka mwacindunji ni ya ku Belgium. Dzikolo lili ndi anthu okamba Cifulenchi ndi okamba Cidachi. Pa 27 March 2001 sitima yopanda anthu inanyamuka pa Wavre loboti ili yofiila, n'kulowa m'njanji ya sitima ina yocokela ku Leuven. Wa maloboti pa Wavre anaona, anaimba foni ku Leuven kuti acenjeze mnzake. Iye anali kukamba Cifulenchi, mnzake Cidachi. Sanamvane. Anayesa zoti malaiti a pa nthambo azimitsidwe, koma nthawi inatha. Masitima anagundana pa mudzi wa Pécrot, anthu 8 n'kufa.

Manje ganizilani tauni yathu, mmene munthu amayamba ciganizo m'Cinyanja, pakati n'kulowetsa Cibemba, n'kutsiliza ndi Cizungu. Mu basi zimatiyendela bwino cifukwa tili ndi manja, maso, ndi ka koini kogogodela pa windo. Pa wailesi zonsezo kulibe. Ngati sitima ya malaiti idzabwela, ena adzati tigwilitse nchito Cizungu cifukwa ndiye cinenelo ca boma, ndipo ine sindikana. Koma munthu akacita mantha amabwelela ku cinenelo ca amai ake. Conco cofunika ni mau ocepa, osankhidwa, amene aliyense wogwila nchito pa njanjiyo waloweza mpaka kuwalota, kaya ni wa ku Chipata, ku Mongu kapena ku Kasama. Mau a "ima" akhale amodzi. Mau a "zimitsani malaiti" akhale amodzi. "Pafupi na ka bridge" si malo. Malo ni namba ya loboti kapena ya mzati. Ife amene timalondolela mlendo kuti "mukafika pa cimtengo ca mango mukhote" tidzafunika kuphunzila zambili.

Ndachula zozimitsa malaiti, ndipo apa ndiye pamene sitima ya malaiti isiyana ndi ya dizilo imene tinazolowela ya Zambia Railways ndi TAZARA. Pa njanji ya malaiti pali munthu wacitatu, woyang'anila malaiti, amene ali ndi mphamvu yozimitsa nthambo. M'malamulo a ku Britain, iyeyo akalowa m'makambilano ndiye amatsogolela aliyense. Nthambo ya Gautrain, ndi zambili za ku Britain, imanyamula mavolti 25,000. Ya m'nyumba mwanu ni 230. Malaiti oculuka conco sayembekezela kuti uwagwile, amalumpha. Ndiye cifukwa cake kumeneko wanchito saloledwa kufika pafupi kuposa mamita 2.75, iye kapena citsulo cimene wanyamula. Ndipo nthambo imatengedwa kuti ili ndi moto nthawi zonse, mpaka izimitsidwe, iyesedwe, ndi kulumikizidwa ku dothi. Mau akuti "ndamva ati azimitsa" sagwila nchito. Kwa ise ozolowela kuti malaiti akapita ndiye apita mpaka usiku, n'kuyamba kugwila mawaya ndi manja, lamulo limeneli lidzakhala lovuta kulowa m'mutu. Komanso kuzimitsa malaiti sikuimitsa ciliconse pomwepo: sitima yothamanga imapitiliza ndi mphamvu imene inali nayo kale, ndipo ya dizilo siimva n'komwe. Pafunikabe munthu wouza madilaiva pa wailesi kuti aime.

Anansi athu a ku Zimbabwe anaika malaiti pa njanji yocoka ku Harare kupita ku Gweru mu 1983. Lelo masitima a malaiti sayendanso kumeneko, nthambo zinatha ndi akuba. Ise kuno timadziwa mmene matilansifoma ndi nthambo zimasowela usiku m'makomboni, ndipo tikumbukila 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, malaiti n'kukhala mlendo wobwela pakati pa usiku. Conco amene adzabwela ndi zithunzi zokongola za sitima ya Lusaka, ine funso langa loyamba silidzakhala la liwilo. Ndidzafunsa kuti nthambo ya maloboti ikabedwa pa Cisanu usiku, adzalola masitima kuyendela pakamwa kwa maola angati asanaimitse zonse, ndipo ndani ali ndi mphamvu yoimitsa popanda kuopa kucotsedwa nchito. Ndidzafunsanso ngati padzakhala munthu womvetsela makambilano ojambulidwa sabata iliyonse, pa masiku amene palibe ngozi, kuti agwile kontolola wovomela asanamve. Akangomvetsela pambuyo pa malilo, tepiyo ni ya maloya cabe.

Pali mbali ina ya wailesi imene ili yathu ise okwela. Sitima ikaima pakati pa masiteshoni, dilaiva afunika kumva kwa kontolola cimene cacitika, kenako n'kutiuza ise. Pa 2 March 2018 ku Lewisham, mu London, madzi oundana anagwila njanji imene imapeleka malaiti, masitima angapo n'kuima madzulo anthu akuweluka. Kumeneko malaiti sayenda m'mwamba, amayenda m'njanji yacitatu pansi, mavolti 750, pafupi ndi pamene phazi limaponda. Anthu anapanikizana, ena opanda cimbudzi, osauzidwa zomveka. Anatsegula zitseko n'kuseluka. Malaiti anazimitsidwa kuti asafe, ndipo masitima amene akanayamba kuyenda anaimilatu kwa maola ena.

Amenewo ni anthu a ku London, odziwika ndi kuima pa mzela mwaulemu. Ise a Lusaka basi ikaima mphindi zisanu pa Findeco timagogoda kale kuti, "Tiseluke, tizayenda na mendo." Kondakitala amatsegula, ndipo palibe cimene cimacitika kupatula kukangana pa cenji. Pa njanji ya malaiti, kunja kwa citseko cimeneco kuli nthambo imene palibe wakuuzani kuti yazima, ndi njanji yaciwili imene sitima ina ikubwelapo mwakacetecete, dilaiva wake asanauzidwe kuti pansi pali anthu.